Munthu anamuwotcha pamsika, inu mwamulemba upolisi

Sabata ino ndabwera ndi dandaulo, ndipo ndikudziwa kuti ena mundikwiyira chifukwa mabuku amene ndikufuna kuwadzudzulawa mumawakonda. Ndikunena nthano zazitali zija zimene zimatenga munthu amene anakhalapodi ku Ulaya zaka 400 kapena 500 zapitazo, nthawi imene ophunzira amaitcha Renaissance, n'kumusandutsa wofufuza milandu ya kupha. Mumazidziwa. Pachikuto pamakhala kandulo, mpeni, kapena munthu wovala chimkanjo chakuda atatifulatira. M'kati mwake Leonardo da Vinci wasiya penti wake, wagwada pambali pa mtembo, akununkhiza kapu kuti amve ngati munali poizoni.

Mabukuwa ndi belo lathunthu. Diane Stuckart anatulutsa The Queen's Gambit mu 2008, mmene Leonardo akufufuza imfa ya munthu kunyumba yachifumu ya Ludovico Sforza ku Milan. Michael Ennis mu 2012 analemba The Malice of Fortune, n'kuphatikiza Leonardo yemweyo ndi Niccolò Machiavelli kuti asake chigawenga chopha akazi. S. J. Parris, amene dzina lake lenileni ndi Stephanie Merritt, anayamba ndi Heresy mu 2010 ndipo wakhala akutulutsa mabuku motsatizana, wofufuza wake ali Giordano Bruno. Karen Harper anafika potuma Mfumukazi Elizabeth yoyamba kukasaka anthu othira anzawo poizoni. M. J. Trow anatenga wolemba masewero Christopher Marlowe, Anna Castle anatenga Francis Bacon.

Mfundo yanga ndi imodzi basi. Anthu amenewa sanali ofufuza milandu. Ena mwa iwo ndi amene ankasakidwa, kumangidwa ndi kuzunzidwa. Ena anali antchito a mabwana okupha. Ena ndiwo ankasainira kuti anzawo aphedwe. Ukawaveka yunifomu ya upolisi wasandutsa gwape kukhala mlenje, ndipo fisi wamupatsa ntchito yolondera khola.

Ine ntchito yanga ndi ya pamsika, ndimagulitsa kaunjika, ndiye za malebulo musandiuze. Shati yoti igulidwe pamtengo wa pamulu, wina akaisokerera kalebulo ka kampani yotchuka pakolala, mtengo umakwera, kasitomala n'kumapita akumwetulira. Nsalu ndi yomweyo, ulusi ndi womwewo, chimene walipira ndi dzina. Mabuku awa ndi chimodzimodzi. Chotsani dzina la Leonardo muikepo la munthu wamba, muona kuti chatsala ndi nthano ija mwaiwerenga kambirimbiri: mtembo pa tsamba 10, anthu asanu owakayikira, mtsikana wokongola wobisa chinsinsi, wofufuza kumenyedwa m'mutu mumdima, kenako wakupha kupezeka kuti ndi uja munkamuona ngati wofatsa. Dzina lalikulu lija ntchito yake ndi kukweza mtengo ndi kukupangitsani kumva ngati mwadya nsima ya mbiri pamene mwangotafuna kamba. Kusiyana kwake n'kwakuti shati ilibe moyo. Munthu amene dzina lake lasokereredwa anali ndi moyo wake, ndipo moyowo ndi umene umadulidwa kuti lebulo ikwane.

Tiyambe ndi Bruno, chifukwa ndi amene nkhani yake imandiwawa kwambiri. Anabadwa mu 1548 ku Nola, pafupi ndi mzinda wa Naples ku Italy. Analowa chipani cha ansembe a Dominiko ali mnyamata, koma mu 1576 anathawa atamva kuti akumukonzera mlandu wa chiphunzitso chosokoneza. Mwa zina, panapezeka mabuku oletsedwa okhala ndi ndemanga za Erasmus amene iye anawabisa kuchimbudzi. Kuyambira pamenepo moyo wake unali wa pamsewu. Ku Geneva otsatira Calvin anamumanga n'kumuletsa mgonero. Ku Germany a Lutheran anamuchotsa mumpingo. Ku England anakhalako kuyambira 1583 mpaka 1585, akugona kunyumba ya kazembe wa France, Michel de Castelnau, ndipo kumeneko ndi kumene anasindikiza mabuku onena kuti thambo lilibe malire, kuti nyenyezi ndi madzuwa ena okhala ndi maiko awo. Mu 1592 munthu wina wolemera wa ku Venice, Giovanni Mocenigo, amene anamuitanira kunyumba kwake kuti amuphunzitse luso losunga zinthu m'mutu, anamutsekera m'chipinda n'kukamunenera kubwalo la mpingo lotchedwa Inquisition. Anakhala m'ndende zaka pafupifupi 8. Pa 17 February 1600 anamutengera pabwalo la Campo de' Fiori ku Rome, atamumanga pakamwa kuti asalankhule ndi anthu, n'kumuwotcha wamoyo. Pabwalo limenelo pali msika mpaka lero. Amalonda anzanga a kumeneko amayala masamba, zipatso ndi maluwa m'munsi mwa chiboliboli chake, chimene anachiimika mu 1889.

Kaya mumagwirizana ndi zimene ankaphunzitsa kaya ayi, zimenezo ndi zanu. Zambiri zimene anamuphera zinali za chikhulupiriro, monga kukayika kwake za Utatu Woyera, ndipo sindinabwere kudzamuikira kumbuyo pa zimenezo. Chimene ndikunena n'chakuti uyu ndi munthu amene moyo wake wonse anali wofunsidwa mafunso ndi anthu amphamvu. Ndiye mu Heresy tikumupeza ku Oxford mu 1583 atatumidwa ndi Francis Walsingham, mkulu wa akazitape a Elizabeth, kuti anunkhize Akatolika obisala, uku akufufuza imfa za anthu a pa Lincoln College. Zoona, ku Oxford anapitako chaka chimenecho. Anakambako, ophunzira a kumeneko anamuseka kalankhulidwe kake n'kumuneneza kuti akuba mfundo za Marsilio Ficino. Oxford ya Bruno inali imeneyo. Mitembo ija ndi banyira wa mlembi.

Wina amene anawerenga kwambiri andifunsa kuti: mayi inu, kodi simudziwa kuti katswiri wa mbiri John Bossy analemba mu 1991 kuti Bruno ndiye anali kazitape wa m'nyumba ya kazembe uja, amene ankasaina makalata ake kuti Henry Fagot? Ndikudziwa, achimwene. Ndikudziwanso kuti akatswiri ambiri a za Bruno sanavomereze. Koma tiyerekeze kuti n'zoona. Nkhani zotuluka m'nyumba imeneyo ndi zimene zinathandiza kuti Francis Throckmorton agwidwe mu 1583, amukoke pamakina ozunzira anthu ku Tower of London mpaka aulule, kenako amuphe mu 1584. Ngati Bruno analidi Fagot, nkhani yake ndi ya munthu wothawa ozunza amene anapereka mnzake kwa ozunza ena, pambuyo pake nayenso n'kuperekedwa ndi mwininyumba wake. Nkhani yotere ndi yolemera, yosagonetsa tulo. Kuisandutsa ya ngwazi yogwira zigawenga buku ndi buku ndi kuipeputsa.

Kuti mumve bwino, ganizirani mlembi wa kunja atalemba buku mmene John Chilembwe, chaka cha 1913, watumidwa ndi bwanamkubwa wa ku Zomba kuti afufuze amene anapha kapitawo pa esiteti ina ku Magomero, n'kumaigwira bwino ntchitoyo, buku loyamba, lachiwiri, mpaka lachisanu ndi chiwiri. Mlembiyo n'kumati musakwiye, ndi nthano chabe. M'gulu lino simungagone. Mungati munthuyu anafa mu 1915 akulimbana ndi boma limenelo, mukumusandutsa bwanji mesenjala wake? Inde, Bruno sanaphedwe ndi Angerezi. Koma ntchito ya Walsingham ndi ya Inquisition zinkafanana: kutchera khutu pamakomo a anthu, kutsegula makalata awo, ndi kuwaulutsa zinsinsi ndi ululu. Nanga wa ku Nola tikumuona bwanji ngati alibe eni ake?

Vuto lachiwiri ndi lalikulu kuposa munthu mmodzi. Nthano ya wofufuza milandu imatsamira pa chikhulupiriro chakuti ukatolera umboni n'kuganiza bwino, choona chimatuluka ndipo bwalo limachilandira. Ntchito imeneyi ili ndi zaka zake zobadwa. Apolisi a mzinda wa London anakhazikitsidwa mu 1829, nthambi yawo yofufuza mu 1842. Edgar Allan Poe analemba nthano imene ambiri amaitenga ngati yoyamba ya mtunduwu mu 1841, Sherlock Holmes anatulukira mu 1887. Nanga nthawi ya Leonardo milandu inkayenda bwanji? Ku Florence kunali mabokosi otchedwa tamburi, mmene aliyense ankaponyamo kakalata koneneza mnzake. Ku Venice ankaponya m'kamwa mwa mkango wosema pakhoma. Malamulo a madera ambiri a ku Ulaya ankafuna mboni ziwiri zoona ndi maso, apo ayi woimbidwa mlandu avomere yekha. Ndiye mboni zikasowa ankatenga chingwe. Ankakumanga manja kumbuyo, kukukweza m'mwamba ndi chingwe chomangidwa m'manjamo, n'kukusiya ugwe mpaka chingwecho chikugwedeze mapewa kuguluka.

Ndipo ofufuza athu awiri aja zimenezi anazilawa. Mu 1476 kakalata kopanda dzina kanaponyedwa m'bokosi ku Florence koneneza Leonardo, ali ndi zaka 23, pamodzi ndi amuna ena atatu, mlandu wogonana ndi mnyamata wina. Mlanduwo unathetsedwa, koma taonani mbali imene Leonardo anaima: anali woimbidwa mlandu. Machiavelli mu February 1513 dzina lake linapezeka pakapepala ka anthu amene ankakonza zoukira banja la Medici. Anamukweza pachingwe chija kasanu ndi kamodzi, sanavomere kanthu, ndipo anatuluka m'ndende chifukwa Giovanni de' Medici anasankhidwa kukhala Papa Leo X, mzinda n'kukhululukira akaidi pachisangalalo. Mwamva? Chimene chinamutulutsa ndi phwando. Pamenepo ndi pamene anapita kumudzi n'kukalemba The Prince.

Leonardo anasiya masamba masauzande a zolemba zake, ndiye tikudziwa zimene zinkamutenga mtima. Mu December 1479 ku Florence anapachika Bernardo Bandini Baroncelli, mmodzi mwa amene anabaya Giuliano de' Medici m'tchalitchi chaka cha 1478. Leonardo anapita, anajambula mtembo ukulendewera, ndipo pambali pake analemba mndandanda wa zovala zimene munthuyo anavala ndi mitundu yake, kuyambira kachipewa mpaka masokosi. Ine monga wogulitsa zovala ndimamumvetsa, koma uyo ndi mmisiri akusunga mitundu ya penti. Nthawi ina pachipatala cha Santa Maria Nuova anacheza ndi nkhalamba imene inamuuza kuti ili ndi zaka zoposa 100. Itamwalira mwakachetechete, Leonardo anang'amba thupi lake kuti aone chimene chinaipha, n'kupeza misempha ya magazi itakhuthala ndi kupanikizika. Funso lake pa imfa linali la mmene thupi limaimira kugwira ntchito. Wakuba yekhayo amene timawerenga kuti Leonardo ankamutsata ndi kamwana ka m'nyumba mwake, Salaì, kamene kanabwera mu 1490 kali ndi zaka 10. Leonardo analemba zimene kanaba, ndalama za m'chikwama chake ndi zinthu za anzake, ndi mtengo wake womwe. Chilango chake? Anakhala naye zaka zoposa 25 ndipo pomwalira anamusiyira theka la munda wake wa mphesa. Wa CID wake ndi ameneyo.

Tsopano tipite kwa a Borgia, chifukwa buku la Ennis limazungulira pa mlandu weniweni. Usiku wa pa 14 June 1497 Juan Borgia, mwana wa Papa Alexander VI, anasowa atachoka kuchakudya kwa mayi ake ku Rome. Patapita masiku awiri anamuvuula mumtsinje wa Tiber atadulidwa pakhosi, thupi lili mabala okhaokha, ndalama 30 za golide zili m'chikwama chake osakhudzidwa. Amene anaona mtembo ukuponyedwa m'madzi anali wogulitsa matabwa wotchedwa Giorgio, amene ankalondera katundu wake m'mphepete mwa mtsinjewo. Johann Burchard, mkulu woyendetsa miyambo kwa Papa, analemba m'buku lake kuti atamufunsa chifukwa chimene sanakanene, Giorgio anayankha kuti anali ataonapo mitembo pafupifupi 100 ikuponyedwa pamalo amenewo ndipo panalibe amene anafunsapo. Patangopita masabata ochepa Papa anaimitsa kafukufuku, ndipo mlanduwo sunagamulidwe mpaka lero.

Yankho la wogulitsa matabwayu limandiuza za Rome wa 1497 kuposa mabuku khumi a ofufuza. Mitembo 100 inalowa m'madzi popanda funso. Wa nambala 101 anasakidwa ndi asodzi ndi maukonde chifukwa anali mwana wa Papa, komabe nayenso chilungamo sanachione. Amene anaona zonse anali wamalonda, ndipo anakhala chete chifukwa ankadziwa mtengo wa kulankhula. Amene mumagona pamsika kulondera katundu mukudziwa kuti usiku umaonetsa zambiri, ndipo si zonse zimene munthu amakanena m'mawa.

Nanga Machiavelli ndi Leonardo anali kuti? N'zoona kuti mu 1502 onse awiri anali pafupi ndi Cesare Borgia, mchimwene wake wa malemu uja, amene anthu ena ankamunong'ona kuti ndiye anapha m'bale wake. Leonardo anali injiniya wake wa nkhondo, ndipo mapu otchuka a tauni ya Imola ndi a nthawi imeneyo. Machiavelli anali nthumwi ya Florence. Pa 26 December 1502 anthu a ku Cesena anadzuka n'kupeza Ramiro de Lorqua, mkulu amene Cesare anamuika kulamulira deralo, atadulidwa pakati n'kusiyidwa pabwalo. Masiku asanu pambuyo pake ku Senigallia, Cesare anaitana akuluakulu a asilikali ake ngati akufuna kugwirizana nawo, n'kuwagwira, ndipo awiri, Vitellozzo Vitelli ndi Oliverotto da Fermo, anapotoledwa makosi usiku womwewo. Panalibe choti munthu afufuze. Wakupha ankadziwika, anali pampando. Machiavelli analemba malipoti kutumiza kwawo, ndipo mu The Prince anaika nkhani ya Ramiro ngati chitsanzo cha mmene wolamulira wochenjera amachitira. Munthu ameneyu ukamupatsa ntchito yosaka wakupha wobisala, wabisa chinthu choopsa chimene iye anatiphunzitsa, choti opha anthu akuluakulu sabisala n'komwe.

Ku England nakonso n'chimodzimodzi. Elizabeth amene Karen Harper amamuyendetsa usiku kusaka zigawenga ndi yemwe uja anasaina kuti Mary, mfumukazi ya ku Scotland, adulidwe mutu mu 1587, ndipo mu ulamuliro wake Richard Topcliffe ankazunzira akaidi m'nyumba mwake momwe. Francis Bacon anali wanzeru, palibe angakane, koma mu 1621 ali woweruza wamkulu wa dziko anavomera milandu ya ziphuphu, analamulidwa kulipira mapaundi 40,000 n'kuchotsedwa pampando. Marlowe ndiye zomvetsa chisoni. Pa 30 May 1593, ali ndi zaka 29, anabayidwa pamwamba pa diso m'nyumba ya Eleanor Bull ku Deptford, ali ndi amuna atatu, mmodzi mwa iwo Robert Poley, kazitape wa boma. Chikalata cha kafukufuku wa imfa yake, chimene Leslie Hotson anachipeza mu 1925, chimati anakangana za bilu, ndipo amene anamubaya, Ingram Frizer, anakhululukidwa mwezi usanathe. Marlowe ndi mtembo uja wa pa tsamba 10. Inu mwamudzutsa kuti azifufuza imfa za ena pamene yake ikadali ndi mafunso.

Ndikumva kale yankho lanu: mayi, imeneyi ndi nthano, aliyense amadziwa kuti ndi zopeka. Zoona? Funsani Richard III. Shakespeare anamulemba ngati chilombo cha linunda ndi mkono wopuwala, ndipo kwa zaka 400 ndi mmene anthu ankamuonera. Mafupa ake atapezeka mu 2012 pansi pa malo oimikapo magalimoto ku Leicester, anaonetsa msana wopindikira kumbali, koma mikono yonse inali bwinobwino. Funsani Lucrezia Borgia. Sewero la Victor Hugo la 1833 linamukhomerera dzina la mkazi wothira anthu poizoni, pamene palibe umboni woti anapha munthu, ndipo anamwalira ku Ferrara mu 1519 atangobereka kumene, ali ndi zaka 39. Nthano yokoma imakhala m'mutu nthawi yaitali kuposa tsamba la mbiri. Alembi amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amagwiritsa ntchito dzina lenileni. Sungadyere phindu dzina la munthu pachikuto kenako n'kumati dzinalo lilibe kanthu.

Ena muti mabukuwa amakopa anthu kuti akawerenge mbiri yeniyeni. Kwa wowerenga wa ku London amene laibulale ili kuseri kwa nyumba yake, mwina. Kunoko buku timalipeza pamulu wa mabuku akale m'mbali mwa msewu, pakati pa buku la masamu ndi la maphikidwe, ndipo limene wapezalo ndi lomwelo. Bandulo ya intaneti timaiwerengera ngati mchere wa kumapeto kwa mwezi. Kwa ambiri a ife buku limodzi limenelo ndi lokhalo limene tidzawerenge lokhudza Bruno moyo wathu wonse. Alembi ena amaika mawu kumapeto ofotokoza zimene zinachitikadi ndi zimene apeka, ndipo ndimawayamikira. Koma buku likadutsa m'manja khumi, masamba amene amayamba kuthothoka ndi akumapeto omwewo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Musandimve molakwika, ine nthano zofufuza milandu za nthawi yakale ndimazikonda, ndipo njira yozilembera moona mtima ilipo. Umberto Eco mu The Name of the Rose, buku la 1980, anapeka wofufuza wake, William wa ku Baskerville, koma Bernard Gui, amene analidi woweruza wa Inquisition, anamusiya pantchito yake yoopsa. C. J. Sansom mu Dissolution, buku la 2003, anapeka loya wa linunda, Matthew Shardlake, n'kumuika pansi pa Thomas Cromwell weniweni, amene akukhalabe bwana woti ukamuona mawondo amanjenjemera. Wofufuza wopeka ali ndi ufulu wolakwitsa, wochita mantha, wozindikira kuti amene amutuma ndi oipa kuposa amene akumusaka. Anthu enieni aja amakhala pamene mbiri inawasiya. Mlembi wotere wasoka shati yake n'kuikapo dzina lake.

Ndipo ngati mukufunadi munthu wotchuka wa nthawi imeneyo akulimbana ndi mlandu, alipo, simufunika kupeka. Johannes Kepler, katswiri uja anapeza mmene mapulaneti amazungulirira dzuwa, mayi ake Katharina ananenezedwa za ufiti ku Leonberg mu 1615, mayi wina atanena kuti anamupatsa chakumwa chimene chinamudwalitsa. Mu 1620 anawamanga ali ndi zaka zoposa 70, n'kukhala miyezi 14 ali pa unyolo. Kepler anasiya ntchito yake ku Linz, anapita kukawerenga umboni wa mboni iliyonse, anaonetsa pamene zikutsutsana, anafotokoza matenda amene anthu ankati ndi ufiti, n'kukonza chikalata chachitali chowateteza. Ngakhale zinali choncho, gogoyo anamutengera kwa wozunza akaidi n'kumuonetsa zida zonse kuti achite mantha avomere. Anakana. Anamasulidwa mu 1621 n'kumwalira patapita miyezi 6. Ulinka Rublack analemba nkhani imeneyi mu 2015 m'buku lotchedwa The Astronomer and the Witch. Kodi alipo m'gulu lino amene sanamvepo za gogo wonenezedwa ufiti mwana wa neba akadwala? Nkhani ya Kepler ikutikhudza kuposa Leonardo wonunkhiza kapu.

Palinso ya Martin Guerre, mlimi wa m'mudzi wa Artigat ku France amene anasowa mu 1548. Patapita zaka 8 kunabwera munthu wonena kuti ndi iye, mkazi wake Bertrande de Rols n'kumulandira, n'kubereka naye ana. Mlandu utafika kubwalo ku Toulouse mu 1560, woweruza Jean de Coras anatsala pang'ono kumukhulupirira, mpaka Martin weniweni analowa ndi mwendo wa mtengo. Wonamizirayo, Arnaud du Tilh, anapachikidwa. Mukudziwa mmodzi mwa amene anali ataona kale kuti pali chinyengo? Wosoka nsapato wa m'mudzimo, amene anachitira umboni kuti phazi la munthuyu linali laling'ono kuposa la Martin. Munthu ukhoza kunamiza mkazi ndi woweruza, koma amene anakuyeza phazi sungamunamize.

Apa ndi pamene pali kulakwa kwakukulu kwa mabuku a malebulo aja. Amatiphunzitsa kuti choona chimaonedwa ndi munthu wanzeru zapadera, wa dzina lalikulu, pamene anthu wamba ntchito yawo m'nkhani ndi kufa pa tsamba 10 kapena kutsegula chitseko. Zolembedwa za nthawi imeneyo zikuonetsa zosiyana. Amene anaona anali wogulitsa matabwa ndi wosoka nsapato. Amene anapirira osavomera bodza anali gogo wa pa unyolo. Anthu a mayina akuluakulu aja ena ankajambula mapu a wakupha, ena ankalemba malipoti, ena anali pachingwe.

Ndiye kwa inu alembi a m'gulu lino, amene ena mwayamba kale kulemba nthano zochitika nthawi ya atsamunda kapena ya chipani chimodzi, pempho langa ndi ili. Wofufuza wanu mupekeni nokha. Akhale telala wa pakhonde la sitolo, mzamba, kalaliki wa pa boma, mayi wophika mowa amene amamva zonse. Mumupatse mantha ndi ana oti awadyetse, kuti tione mtengo umene akulipira pofunsa mafunso. Anthu enieni amene anamangidwa, amene anamanga anzawo, ndi amene anangoyang'ana kumbali, muwasiye aliyense pamalo pake, chifukwa mlandu suwola ndipo adzukulu awo tili nawo m'minibasi momwemu.

Kwa inu owerenga, sindikuletsani kugula. Ndalama ndi zanu, ndipo usiku wa mvula magetsi atazima buku lililonse ndi mnzako. Koma mukaona dzina lalikulu pachikuto, chitani zimene kasitomala wochenjera amachita pabenchi: tembenuzani kolala muone ulusi. Funsani kuti munthu ameneyu anafa bwanji, ankadya ndalama za ndani, ndipo m'chipinda chofunsira mafunso chija iye anali amene wagwira chingwe kapena amene walendewera.